Chaka Chachisanu cha Nabengo

Mu ufumu wa Mawamawa ukapolo unathetsedwa Lachiwiri masana. Amene anadzuka ali akapolo m'mawa wa tsikulo anabwerera kumunda wa nzimbe dzuwa litapendeka ali anthu ena, ngakhale kuti zikwanje zinali zomwezo ndipo kapitawo wogwira chikoti analinso yemweyo. Ndikudziwa kuti pali anthu a mitima yoipa amene amati palibe chinasintha. Anthu otero sanapite kusukulu. Zinthu zinasintha kwambiri, moti mfumu inachita kulemba nduna yapadera yoti izifotokozera anthu kusinthako, poti paokha sakanakuona.

Zonse zinayamba ndi sitima ya atsamunda imene inakwera mtsinje wa Bwerako itanyamula uthenga wa mfumukazi ya kutsidya kwa nyanja zamchere. Mfumukaziyo inadzuka tsiku lina mtima ukuiwawa, n'kulamula kuti m'maiko onse amene inkawateteza, kuphatikizapo amene sanapemphe chitetezocho, munthu asakhalenso chuma cha mnzake. Mfumu Mimbayanga Wachitatu itamva uthengawu inaiwala kutafuna, chinthu chimene sichinachitikepo chiilongereni ufumu. Nkhawa yake inali yomveka. Mfumuyi inkabwereketsa akapolo ake ku Kampani ya Nzimbe, ndipo Kampani inkathokoza potumiza mbuzi zonenepa kunyumba yachifumu. Popanda akapolo panalibe nzimbe, ndipo popanda nzimbe panalibe mbuzi.

Bwalo linakhala kulikulu la Tidikire. Nduna zinalira, zina zinakomoka mosinthana kuti mfumu ione kukhulupirika kwawo. Amene sanatekeseke anali mkulu wa Kampani, mzungu amene anthu ankamutcha Bwana Kachipewa chifukwa chipewa chake chinali chaching'ono kuposa mutu. Iyeyu anadikira kuti okomoka atsitsimuke, kenaka anaimirira.

"Mfumukazi yaletsa kukhala ndi munthu," anatero. "Sinaletse kukhala ndi ntchito ya munthuyo. Ife titenge ntchito yokha. Ngati mwini wake akufuna kumaitsatira kumunda, umenewo ndi ufulu wake."

Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhato kutentha. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, kungoti sanena kuti kalumoko kameta ndani. Tsiku lomwelo mfumu inasankha a Kamlomo, munthu woonda amene sanagonjepo pa mkangano ngakhale ndi apongozi ake, kukhala Nduna Yoona za Matanthauzo a Mawu.

A Kamlomo anakwera pa mgolo pakati pa msika wa Tsitsaniko, akapolo onse atawakusira pamenepo. Analengeza kuti mawu oti kapolo afa, ndipo aliyense amene adzawatchule adzalipira nkhuku. Iwo anawatchula kambirimbiri tsiku limenelo osalipira kanthu, ati chifukwa ankawaika m'manda. Dzina latsopano linali lakuti wapangano. Kapolo, anatero, ankagwidwa n'kumangidwa chingwe m'khosi, koma wapangano amabwera yekha mwa kufuna kwake n'kudinda chala papepala. Asilikali anaima chapafupi ndi mfuti kuti athandize amene kufuna kwawo kunkachedwa.

M'gulumo munali mkulu wina, a Gwedeza, amene anagulitsidwapo kambiri moti ankadziwa mtengo wawo kuposa dzina la amayi awo. Anakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu ngati azigulitsidwabe.

"Ndithu ayi," anayankha a Kamlomo atagwira pamtima. "Munthu sagulitsidwa m'dziko lino. Chogulitsidwa ndi pepala."

"Nanga pepala langa akaligulitsa kumunda wina, bwana?"

"Mulitsatire. Pepala lilibe miyendo, wina ayenera kuliperekeza."

A Gwedeza anagwedezera mutu n'kufunsanso za chikoti. Anauzidwa kuti kale ankamenyedwa mwankhanza, koma tsopano azimenyedwa mwalamulo, iwo eni atavomereza ndi chala. Mkuluyo anathokoza, nati msana wawo ukondwa kumva zimenezo.

Koma tisanamizane, panali zinthu ziwiri zimene zinali zenizeni, ndipo a Kamlomo atazitchula msika wonse unatchera khutu. Mwana wa kapolo ankabadwa ali kapolo, koma mwana wa wapangano ndi mfulu. Ndipo ukapolo unkatha ndi imfa, koma pangano linali la zaka zisanu. Zikakwana, munthu azipatsidwa khasu n'kumapita kumene akufuna.

Amene analira pomva zimenezi anali Nabengo, mayi wodula nzimbe amene anagwidwa ali mtsikana kwawo ku Kanyimbi, mudzi wa kutali kutsidya kwa mtsinje. Kumbuyo anali atabereka mwana wake mmodzi yekhayo, kamtsikana kongoleka kumene kuyamwa, dzina lake Siyeni. Bambo a mwanayo anali atagulitsidwa iye asanabadwe, ndipo chibadwire cha Siyeni, Nabengo sankagona tulo akamva kuti pamundapo pabwera ogula. Tsopano ankamuuza kuti mwanayo ndi wake, ndiponso kuti tsiku lina adzapita naye kwawo. Asilikali sanavutike naye. Anadinda chala mwamphamvu moti pepala linabooka.

M'mawa mwake kapitawo anafika pakhomo pa kanyumba kake ndi uthenga wabwino wina. Popeza Siyeni anali mfulu, sakanatha kudya phoso la Kampani, lomwe linali la antchito okha, komanso sakanatha kugona pamalo a Kampani, poti amfulu amaba nzimbe. Kukhala mfulu kunatanthauza kuti mwanayo asadye kanthu ndipo asagone paliponse. Nabengo anachonderera mpaka mawu kumuthera. Pomaliza anapempha mkulu wopalasa bwato la Kampani kuti akamutulire mwanayo kwa mng'ono wake ku Kanyimbi.

Bwatolo linali ndi lamulo lake. Kupita kutsidya linkanyamula amfulu, koma pobwera ku minda linkanyamula okhawo okhala ndi pepala. Mfulu analibe pepala, chifukwa pepala linali la apangano. Wapangano nayenso sankaloledwa kuwoloka pangano lisanathe. Mbali zina za mtsinje zinkalondedwa ndi ng'ona, zomwe zinali antchito okhawo a Kampani amene sankadandaula za phoso.

Padoko Nabengo anamupukuta mwanayo mamina ndi nsalu yake, n'kumuuza kuti zaka zisanu si zambiri, abwera mano ake oyamba asanagweluke. Siyeni sanamve kanthu. Ankasekerera madzi.

Zaka zinayi zinapita mmene zaka zimapitira. Mvula inkagwa, nzimbe zinkadulidwa, ndipo akatha kukolola mfumu inkachititsa chaka pabwalo la Tidikire. Pajatu mawu oti chaka ali ndi nkhope ziwiri. Pali chaka cha miyezi, chochokera dzinja lino kukafika dzinja linalo, ndipo pali chaka chodyera, cha mowa, nyama ndi gule, chija timati tiyeni tikadye chaka. Ku Mawamawa ziwirizi zinkayendera limodzi kuyambira kalekale ndipo palibe anaganizapo zozilekanitsa. Ng'oma zikalira ku Tidikire, Nabengo ankapinda chala chimodzi n'kugona bwino usiku umenewo.

A Gwedeza anayamba kutsokomola magazi m'chaka chachinayi. Kale akadwala, mbuye wawo ankathamanga kukaitana sing'anga, poti palibe amene amafuna kuti chuma chake chimufere m'khola. Tsopano dokotala wa Kampani anangowafunsa kuti pangano lawo latsala nthawi yaitali bwanji. Atamva kuti chaka chimodzi, anawapatsa madzi otentha n'kuwauza kuti abwerere kumunda.

"Kusiyana ndakuona tsopano, mwana wanga," a Gwedeza anauza Nabengo akumanga mtolo wa nzimbe. "Kale ndinali ng'ombe ya mwini. Lero ndine ng'ombe yobwereka."

Anali Bwana Kachipewa amene anayamba kuzindikira kuti tsoka layandikira. Chaka chimodzi chokha, ndiye kuti minda yonse itsala ndi akapitawo okhaokha akumenyana zikoti. Anathamangira ku Tidikire chipewa chili m'manja, ndipo bwalo linakhalanso. Nduna ya Zamlengalenga inati mwezi ubisidwe kuti anthu asokonezeke powerenga, koma itafunsidwa kuti ubisidwe kuti, inapempha nthawi yoti ikafufuze. Nduna ya Maphunziro inati alengeze kuti kuyambira tsopano zisanu zizibwera pambuyo pa zisanu ndi zinayi. Maganizowa anakondedwa, mpaka wina anakumbukira kuti mbuzi za mfumu zimabweranso zisanuzisanu.

Nthawi yonseyi a Kamlomo ankangotokosa m'mano ndi kaudzu. Kenaka anafunsa kuti kodi papepalapo panalembedwa miyezi kapena madzinja. Anauzidwa kuti panalembedwa zaka zisanu basi.

"Nanga chaka n'chiyani, akuluakulu?" anafunsa.

Onse ankadziwa kuti funso lophweka likachokera kwa munthu wotere limakhala msampha. Ndipo a Kamlomo anagamula okha. Chaka, anatero, ndi pamene mfumu yadya nyama pagulu, ng'oma yalira, ndipo mkazi walulutira. Zitatuzi zikakumana tsiku limodzi ndiye kuti chaka chachitika. Zikapanda kukumana, chaka chimene tilimochi sichinathe, kaya mvula igwe kangati. Mfumu inachita mantha ndi mbali ya nyamayo, koma anaitsimikizira kuti nyama ipitirize kudya monga mwa masiku onse, zoti zileke ndi ng'oma ndi nthungululu. Mfumu inapuma, n'kuitanitsa chiwindi.

Lamulo linatuluka sabata lomwelo. Ng'oma zonse za m'dziko zinasonkhanitsidwa n'kutsekeredwa m'ndende, akaidi atatulutsidwa kuti malo apezeke. Nthungululu zinaletsedwa. Mwana akabadwa, azimayi anauzidwa kuti azingotsokomola mwaulemu. Ngakhale kusinja kunayenera kuchitika mosokonekera, munsi uno kugunda apa winawo kuchedwa, kuopa kuti mtondo ungamveke ngati ng'oma ya mbiriwiri.

Mvula yachisanu inagwa n'kutha. Nabengo anachapa nsalu zake ziwiri, anamanga kamtolo, n'kupita kudoko atagula kale ndolo zamkuwa zoti akamupatse Siyeni. Kalaliki wapadoko anayang'ana pepala lake n'kumuuza kuti wagwira zaka zinayi. Nabengo anamuonetsa zala zisanu zonse. Kalalikiyo anati zala si lamulo, ngati ali ndi dandaulo apite ku Tidikire.

Anapitadi, ndipo a Kamlomo anamulandira bwino kwambiri, mpaka kumupatsa mpando. Anamufotokozera mofatsa za nyama, ng'oma ndi nthungululu, ndipo anamupempha kuti asaiwale mwayi umene ali nawo.

"Taganizani, mayi. Munthu uja sitimutchula dzina lake masiku ano analibe tsiku loliyembekezera. Inu muli nalo. Kungoti silinafike."

"Lifika liti, bwana?"

"Chaka chino chikangotha."

"Nanga chitha liti?"

"Funso limenelo," anatero a Kamlomo akumuperekeza kukhomo, "mukanakhala kapolo simukanalifunsa n'komwe. Mukuona ufulu wake?"

Nabengo anabwerera kumunda. Kamtolo kaja sanakamasule. Anakaika pamwamba pa khoma, ndipo tsiku lililonse ankakakuntha fumbi.

Chaka chimenecho chinali chachitali. Mitengo ya mango inabereka, n'kuberekanso, n'kuberekanso, ndipo mtengo wina wa pafupi ndi bwalo unazengedwa mlandu wobereka kangapo pa chaka chimodzi ndi cholinga chonyoza boma. Unapezeka wolakwa n'kudulidwa. Ana obadwa chakacho anakwawa, anayenda, ena anayamba kumera ndevu asanakwanitse chaka. Wosunga chuma cha mfumu anatsala pang'ono kupenga poona kuti msonkho wapachaka sangautolerenso, mpaka a Kamlomo anamupulumutsa pouza anthu kuti umene analipira uja unali chigawo chabe cha msonkho wa chaka chino, ndipo zigawo zina zizibwera mvula iliyonse.

Ku msika wa Tsitsaniko anthu anazolowera. Mayi wina wogulitsa nyemba ankakuwa kuti nyemba za chaka chino, pamene anankafumbwe a m'nyembamo anali ndi zidzukulu, ndipo palibe akanamutsutsa. Munthu akabwereka khasu ankalonjeza kubweza chaka chino chisanathe. Mnyamata akafunsira mbeta, mtsikana wosamufuna ankangomuuza kuti abwere chaka chamawa, mnyamatayo n'kumapita kukafunsira kwina. A Gwedeza anamwalira mkati mwa chaka chomwecho, atatsala pang'ono kumasulidwa monga mmene analili kwa nthawi yaitali. Kampani inadandaula kuti aphwanya pangano.

Nkhani za ku Kanyimbi zinkabwera ndi wopalasa bwato uja, mwa apo ndi apo, akakumana ndi amalonda a kumeneko. Anati mano a Siyeni agweluka. Kenaka anati ena amera. Kenaka anati akutunga yekha madzi kuchitsime, ndipo amaima pamphambano akamva kuti kukubwera alendo. Tsiku lina anafika ndi nkhani yoti mwanayo watha msinkhu, ndipo anamulangiza ndi azimayi ena. Zimenezi zinamupweteka Nabengo kuposa chikoti chilichonse. Anakhala pansi pakati pa nzimbe n'kulira mokweza, ndipo kapitawo, amene nayenso anali ndi ana, anayang'ana kumbali.

Paja amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ku Mawamawa sichikanaimba ngakhale chikanafuna. Mwana wamwamuna wa mfumu anafuna kukwatira mwana wa mfumu ya dziko loyandikana la Phokosera. Ukwati wachifumu sungachitikire kuseri, choncho bwalo linakonza ukwati wopanda phokoso. Ng'oma za alendo zinalandidwa kumalire. Ovina anauzidwa kuti azitsatira mutu wa nduna ina imene inkagwedezera patsogolo pawo. Mkazi aliyense wolowa pabwalo, kuyambira mayi a mkwatibwi mpaka wotsuka mbale, anapatsidwa chitsononkho choti alume mpaka mwambo utatha. Kampani inabwereketsa azimayi apangano kuti azikatunga madzi, ndipo Nabengo anali mmodzi mwa iwo.

Unali ukwati womvetsa chisoni. Anthu mazana ankavina fumbi lili koboo, koma chomveka chinali kupuma kwawo ndi kutafuna kwa mfumu. Azakhali a mkwatibwi ankagwetsa misozi chitsononkho chili m'kamwa, ndipo palibe ankadziwa ngati ndi chimwemwe kapena nsagwada. Mfumu yokha ndiyo inasangalala. Inadya mbuzi, inadya nkhanga, inabwereranso ku mbuzi. Itakhuta inatsamira kumbuyo, inamasula nsalu, ndipo mosaganizira kanthu inayamba kudzimenya pamimba ndi manja onse awiri.

Mimba imeneyo sinali ya masewera. Oimba zotamanda mfumu ankaitcha Ng'oma ya Dziko kuyambira kale, ndipo tsiku limenelo inaonetsa kuti sankanama. Inalira kuti di, didi, di, mpaka kumapeto kwa bwalo. Miyendo ya ovina, imene inali ndi njala ya nthawi yaitali, inagwira kalirwe kake yokha. Mfumu itaona kuti gule wakoma inawonjezera mphamvu.

Nabengo anali ataima chapafupi, mtsuko uli pamutu. Anaona mafupa ali mbwee patsogolo pa mfumu. Anamva mimba ikulira. Ankadziwa bwino chimene chidzachitikire msana wake, ndipo mantha anali nawo. Anatula mtsuko pansi, analavula chitsononkho, n'kuika dzanja pakamwa. Poyamba mawu anatuluka ngati a nkhuku yotsamwa, poti lilime linali litaiwala. Kachiwiri nthungululu inamveka yonse, yakuthwa, yaitali. Azakhali a mkwatibwi analavula chawo n'kuilandira. Kenaka zitsononkho zinagwa ngati matalala, ndipo bwalo lonse linalulutira za ana onse amene anabadwa akutsokomoleredwa.

Mlandu unazengedwa m'mawa mwake, Nabengo atamangidwa manja pakati pa bwalo. Funso linali limodzi: kodi dzulo kunachitika chaka? Bwana Kachipewa ankatuluka thukuta mpaka kachipewa kananyowa. A Kamlomo anaimirira ali ndi chidaliro cha munthu amene sanagonjepo. Anavomera kuti nyama inadyedwa. Anavomeranso kuti nthungululu inamveka, ndipo wolakwa ndi uyu. Koma ng'oma, anatero, sinalire, chifukwa ng'oma zonse zili m'ndende. Chimene anthu anamva inali mimba chabe, mimba wamba, chikopa chokutira matumbo monga ali nacho wina aliyense.

Bwalo linazizira. Nduna zokhala pafupi ndi a Kamlomo zinayamba kusendera kumbali pang'onopang'ono.

"Wati chiyani?" inafunsa mfumu.

"Ndimati, mfumu yanga, kunena mwalamulo..."

"Wati mimba wamba."

Mfumu inaimirira, zimene sizinkachitika kawirikawiri, inakweza nsalu n'kudzimenya kamodzi. Phokoso lake linadzidzimutsa akhwangwala pamtengo. Inafunsa bwalo kuti lamva chiyani, ndipo bwalo lonse linayankha pamodzi kuti lamva ng'oma. Oimba zotamanda anawonjezera kuti ng'oma zina zonse ndi miphika. A Kamlomo, poona kuti khosi lawo lili pangozi, anafotokoza kuti anthu sanawamvetse, iwo amatanthauza kuti ndi ng'oma yoposa ng'oma zonse moti mawu oti ng'oma akuichepetsa. Zinali mochedwa. Mfumu inagamula kuti ng'oma inalira, chaka chinachitika, ndipo aliyense wokayikira akukayikira mimba yachifumu.

Motero chaka chachisanu chinatha, ndipo anthu a m'dziko lonse anakula ndi chaka chimodzi tsiku limenelo. Bwana Kachipewa anakomoka zenizeni. Atatsitsimuka anakumbutsidwa kuti zinthu sizinaipe kwenikweni. Apangano akale anali atatha mphamvu kale, ambiri mano atagwa, ndipo olemba anthu ntchito a Kampani anali akuyendayenda m'midzi ya kutsidya kufuna achinyamata. Chinangofunika chinali kuonetsetsa kuti ngozi ya dzulo isabwerezedwe. Bwalo linakhazikitsa malamulo atsopano madzulo omwewo. Mimba ya mfumu izikulungidwa m'mabulangeti atatu, manja ake azimangidwa m'timatumba ta thonje pa nthawi ya chakudya, ndipo ng'oma za m'ndende zija zichotsedwe zikopa. A Kamlomo anakwezedwa pa udindo chifukwa cha maganizo amenewa.

Nabengo anakwapulidwa, mwalamulo, chifukwa cha nthungululu. Atatha kumukwapula anang'amba pepala lake pamaso pake, anamugwira chanza, n'kumupatsa khasu lopanda mpini. Sanadandaule. Anatsitsa kamtolo kake pakhoma n'kupeza kuti nsalu imodzi yadyedwa ndi chiswe, koma zimenezo sizinamukhudze. Tsitsi lake linali litachita imvi, msana unkawawa, ndipo anali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake. Panjira yopita kudoko ankayeseza mawu oti akamuuze mwana wake, n'kumaseka yekha poganiza kuti mwina akafunika kudzitchula dzina.

Padoko panali piringupiringu. Omasulidwa anafola mzere kudikira bwato, ndipo kalaliki anali atayala tebulo lake pansi pa mtengo. Bwato linakocheza litadzaza anyamata ndi atsikana a kutsidya, aliyense atagwira pepala latsopano, inki isanaume bwino pachala. Akalewo ankangowayang'ana. Ungamuuze chiyani munthu amene wadinda kale?

Mtsikana wina wamtali anatsika m'bwatomo n'kuyamba kuyenda motsatira mzere wa omasulidwa, akugwada pang'ono pamaso pa mayi aliyense. Ankafunsa ngati alipo amene akuwadziwa a Nabengo a ku Kanyimbi. Atafika pa Nabengo anafunsanso chimodzimodzi, mwaulemu, ngati akufunsa mlendo.

Nabengo anamuyang'anitsitsa. Anamugwira mtsikanayo kumaso ndi manja onse awiri, ndipo khasu linagwa pansi.

"Siyeni."

"Amayi?"

Anakumbatirana nthawi yaitali, ndipo anthu a pamzere anawalambalala. Kenaka Siyeni anayamba kufotokoza mothamanga, akuseka ndi kulira. Amayi ake aang'ono anali atamwalira. Iye anafikapo padoko la kutsidyako kangapo, koma bwato linkamukana chifukwa analibe pepala. Ndiye kumudzi kutabwera anthu a Kampani, anawafunsa ngati pepala lawolo limakweretsa bwato, iwo anati inde.

"Ndinatopa n'kudikira, amayi. Ndabwera kudzakhala nanu konkuno."

Nabengo anatenga dzanja la mwana wake n'kuyang'ana chala chakudacho. Anayesa kuchipukuta ndi nsalu yake, koma inki sinachoke.

"Akuuza zaka zingati, mwanawe?"

"Zisanu zokha, amayi. Akuti sizichedwa."

Kapitawo anaimba wezulo. Anakuwa kuti atsopano afole kumanja azipita kumunda, ndipo amfulu onse akwere bwato msanga, poti mfulu saloledwa kuima pamalo a Kampani. Siyeni anayang'ana amayi ake, anayang'ana kamtolo, anayang'ana bwato, ndipo kumwetulira kunayamba kuchoka pankhope yake.

Nabengo anamuuza kuti aime pomwepo asasunthe. Anatuluka pamzere wa omasulidwa, anadutsa kapitawo, n'kukaima patsogolo pa tebulo la kalaliki. Kalalikiyo anatulutsa pepala latsopano n'kumusendezera inki. Asanamulole kudinda anamufunsa, monga lamulo linkafunira, ngati akuchita zimenezi mwa kufuna kwake, popanda womukakamiza.

Nabengo anati inde.